Chitseko Choyang'ana Mzere wa Chakudya

Ofesi ya Mayi Anastasia Malita inali ndi chitseko chobiriwira, ndipo chitsekocho chinkayang'anizana ndi mzere wa chakudya. Pa nthambi ya yunivesite ina kufupi ndi Liwonde, ophunzira mazana anayi ankafola pamenepo masana aliwonse, mbale m'manja, maso akusakasaka choti aone. Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani cha zilembo zonenepa ngati za pa minibasi: UPHUNGU WA MAVUTO A M'MAGANIZO. LOWANI, MUSACHITE MANYAZI.

Chipindacho Mayi Malita anachita kusankha okha. Atangolembedwa ntchito ya uphungu, akuluakulu anawaonetsa kachipinda kena kuseri kwa laibulale, iwo n'kukana kwamtuwagalu. Anali ndi chifukwa chawo. Ali mwana kwawo kwa Nsamala, mchimwene wawo atadwala maganizo ankatsekeredwa m'khitchini alendo akabwera, mpaka anamwalira osaonana ndi dokotala. Kuyambira pamenepo iwo analumbira kuti matenda otere sadzawabisanso.

Tsiku lokhoma chikwangwanicho, a Blasius, mkulu wa ophika, anaima pakhomo la khitchini akupukuta manja.

"Madamu, mwakumba chimbudzi pakati pa msika," anatero. "Kuchimbudzi tonse timapita, koma palibe amene amafuna omuombera m'manja polowa."

"A Blasius, manyaziwo ndi amene akutithera ana," Mayi Malita anayankha. "Wodwala malungo amazemba popita kuchipatala? Azilowa anzawo akuona, mpaka zizolowereke."

"Ine ndimadziwa za nyemba zokha," anatero a Blasius, n'kubwerera ku miphika yawo.

Osowa thandizo analipo, ochuluka zedi. Panali ana a alimi a ku Utale omwe ankawerenga mabuku mtima uli ku chimanga chofota kwawo. Panali anyamata a ku Karonga omwe anasiya kufunsa mafunso m'kalasi chifukwa anzawo ankaseka Chichewa chawo. Panali ana a asodzi, ndi ana a mabwana a ku Blantyre omwe ankaoneka ngati sadziwa vuto. Aliyense anali ndi kamwala kake mu nsapato. Koma miyezi itatu inatha chitseko chobiriwiracho osagogodedwa. Ophunzira anachipatsa dzina: siteji ya ku Zomba, kunena chipatala cha anthu odwala misala.

Woyamba kugogoda anali Habiba, wa chaka chachiwiri, wophunzira za uphunzitsi. Anali mtsikana woyamba m'mudzi mwawo, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kuponda pa yunivesite. Pa tchuthi chapitacho mlongo wake Twaibu anamira bwato litatembenuka ndi mphepo. Sadaka inachitika, anthu anabalalika, koma kwa Habiba maliro sanathe. Tulo tinamuthawa, chakudya chinkamukanira pakhosi, ndipo akatsegula buku ankangoona madzi. Aphunzitsi anamuchenjeza kuti akapitiriza kujomba sadzalemba mayeso.

Anabwera Lachitatu m'mawa, anzake ali m'makalasi, atakokera mpango wake mpaka pamphumi. Ntchito yawo Mayi Malita ankaidziwa. Anamumvetsera osamudula, osamulalikira, ndipo mtsikanayo analira misozi yomwe anaisunga miyezi iwiri. Nthawi inawathawa onse awiri. Pamene Habiba ankatsegula chitseko, belu la chakudya linali litalira kale. Anatuluka maso ali psuu, n'kugwera m'maso mwa anthu mazana anayi.

Mwina zikanathera pamenepo. Koma Mayi Malita, pokondwa kuti wina wayamba, anamutsatira mpaka pakhomo n'kukweza mawu: "Habiba! Lachitatu likubwerali, nthawi yomweyi!"

Pa mzerepo panali Walter, mnyamata wa ku Blantyre wodziwika ndi pakamwa. Anamenya mbale ndi supuni ngati woitanira minibasi.

"Zomba! Zomba! Watsala mmodzi inyamuke! Asisi, katundu pamwamba!"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ena mwa osekawo anali asanagone bwino mwezi wathunthu, koma kuseka mnzako n'kosavuta kusiyana ndi kuvomera kuti nawe zikukudya. Wina anajambula ndi foni. Pofika Lachisanu chithunzicho chinali chitadutsa m'mafoni a ogula nsomba a pa Liwonde n'kukafika ku Chiuta, nkhani itamera nyanga: akuti Habiba wapenga, kusukulu akuchita kumumanga.

Mjomba wake, Che Hassan, mwinimbumba yemwe analola kuti mtsikanayo apite kusukulu abale ena akukana, anaimba foni. Mawu anali ochepa: alongedze, akubwera Loweruka kudzamutenga. Mayeso anali atatsala masabata atatu. Habiba ankadziwa kuti akakwera minibasi imeneyo sadzabwereranso, chifukwa kumudzi kunali kale bambo wina wa maboti awiri yemwe ankafunsafunsa za iye.

Mayi Malita atamva, magazi anawira. Anayamba kulemba kalata yoti Walter alangidwe, kenako anaisiya pakati n'kupita kukafuna Habiba. Anamupeza kuseri kwa hositelo akuchapa. Mtsikanayo sanadzutse mutu.

"Mnyamata uja aona," Mayi Malita anatero. "Sindimusiya."

"Walter ndi galu wouwa, madamu. Koma amene anandiponya kwa galuyo ndani?"



"Zimene munandiuza zinandithandiza," Habiba anapitiriza, akufikisa diresi pa simenti. "Tsiku lija ndinagona mpaka kucha, koyamba chimwalirireni Twaibu. Koma chitseko chanu chandivula pagulu. Kwathu munthu akakhala ndi chisoni sitimukhazika pampando n'kumamuyang'ana m'maso. Timakhala pambali pake tikuyanika matemba kapena kusoka ukonde. Manja akamagwira ntchito, pakamwa pamamasuka pokha, ndipo wodutsa amangoona anthu akugwira ntchito."

Mayi Malita anavula wotchi, n'kutola chitenje m'beseni, n'kuyamba kufinya. Anachapa limodzi mpaka beseni linatha, ndipo m'mphindi zimenezo anamva zambiri za Twaibu, ndi za mjomba wake, kuposa zomwe anamva mu ofesi muja. Madzulo ake anakapempha kwa mphunzitsi wa zamasewero ukonde wa golo womwe unang'ambika chaka chatha, ndi mpukutu wa ulusi.

Loweruka m'mawa Che Hassan anatsika pa kabaza pa geti, kofia kumutu, thumba lopanda kanthu m'khwapa loti aikemo katundu wa Habiba. Anali munthu wowonda, wa manja okhakhala ngati khungwa la mtengo. Mayi Malita anawalonjera mwaulemu n'kudzitchula dzina.

"Ndinu a chipinda cha amisala chija?" anafunsa Che Hassan. "Ine m'menemo sindilowa."

"Nanenso ndatulukamo, bambo. Habiba akulongedza. Tiyeni timudikire pamthunzi apo."

Anawatsogolera kumapeto kwa bwalo la mpira, pansi pa mtengo wa mthethe, kutali ndi hositelo. Pamenepo panali ukonde uja, utayalidwa pa udzu. Mayi Malita anakhala pansi n'kuyamba kulumikiza pong'ambika. Che Hassan anayang'ana kumbali. Anayang'ana kumwamba. Kenako maso anawagwera pa zala za mayiyo, nkhope n'kukwinyika ngati alawa ndimu.

"Mfundo imeneyo anakuphunzitsani ndani?"

"Ndangoganiza ndekha."

"Imeneyo ndi yomangira mbuzi, mama. Mpira umodzi wokha, yamasuka. Tabweretsani kuno."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kasingano kansungwi kosokera ukonde, kosalala ndi ukalamba. Anakhala pansi, n'kukola ukonde ku chala chachikulu cha kuphazi, n'kuuza Mayi Malita kuti akoke mbali inayo. Singano inayamba kulowa ndi kutuluka.

"Cholakwa ndi changa, Che Hassan," Mayi Malita anatero, maso ali pa ulusi. "Mwana wanu anabwera kwa ine mwakachetechete, ine n'kumuitana pagulu. Sanapenge. Akulira mlongo wake."

Che Hassan anatseka bowo limodzi, n'kuyamba lina. Patapita nthawi anati, "Twaibu ankamanga mfundo kuposa ine. Ndinamuphunzitsa ndine, koma anandipitirira."

Mayi Malita anangokoka ukonde.

"Tsiku limene lija mitambo ndinaiona," mkuluyo anapitiriza, mawu atatsika. "Iye anati, mjomba, mphepo iyi si yabwino. Ine ndinati, mwamuna amaopa mphepo? Pita. Anapita." Singano inaima, kenako inayambanso. "Chiyambire sindinakwere bwato. Anthu ndimawauza kuti ndi msana. Ndikagona ndimamva akundiitana kunyanja. Izi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi ake."

Misozi inatsika m'masaya mwawo n'kulowa mu ndevu. Mayi Malita sanawayang'ane. Anthu awiri odutsa chapatali anangoona mlendo akukonza ukonde wa golo.

"Ndiye tinene kuti mwapenga, Che Hassan?" anafunsa mofatsa.

Mkuluyo anadzutsa mutu mwaukali. "Iyayi! Chimenechi ndi chisoni."

"Cha Habiba ndi chomwecho. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anapeza woti amuuze, ndipo wayamba kugona. Mukamutenga lero, mukakhala awiri osagona m'mudzi umodzi."

Che Hassan anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Posakhalitsa Habiba anatulukira, chikwama kumutu, chidebe m'manja. Anagwada chapatali n'kupereka salamu. Mjomba wake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufunafuna zingwe zomwe anamva kuti anamumanga nazo.

"Katunduyo ukupita naye kuti?"

"Munati ndilongedze, mjomba."

"Tula. Gwira uku, aphunzitsi akowa manja awo ndi a choko." Habiba anatula n'kugwira ukonde. "Mayeso ndi liti?"

"Masabata atatu akubwerawa."

"Ukalephera ndiye ndidzabwera ndi thumba ili. Wamva?"

"Ndamva, mjomba."

"Ndipo ukamalira mlongo wako, uzilira. Nanenso ndimalira." Anatero akuyang'ana mfundo, osati mtsikanayo. Anamaliza ukonde wonse, n'kuukoka ndi manja awiri kuti aone kulimba kwake, n'kupinda thumba lawo lopanda kanthu. Pa geti anauza Mayi Malita kuti, "Sikomo, mama. Koma mbuzi muzimanga, ukonde muzisiyira eni ake."

Lolemba, nthawi ya chakudya, mzere uli wodzaza, Mayi Malita anabwereka hamala kukhitchini, n'kukwera pampando, n'kuzula chikwangwani chija okha. Kenako anatembenukira ophunzirawo.

"Chikwangwanichi ndinalakwitsa ndine, ndipo ndachichotsa. Koma inu amene munaseka mnzanu ali pa chisoni, kulakwa kwanu sindingakuzulireni ndi hamala. Mukazule nokha."

Panalibe anamenya mbale. A Blasius anasuzumira pawindo n'kunena chapansipansi, "Chimbudzi chasamuka pamsika," ndipo tsiku limenelo anawathirira Mayi Malita nyemba zodzaza chipande.

Mayi Malita anasamukira ku kachipinda kaja kuseri kwa laibulale. Anaikamo mipira, pampu, makina osokera ndi zitini zothirira mbewu, moti wolowamo sankadziwika chomwe wadzera. Wina ankadzasoka batani n'kutuluka patatha ola. Anyamata a ku Utale ankalankhula bwino akuthirira nazale ya mitengo, Mayi Malita ali pambali ndi chitini chawo. Atsikana achisilamu ena ankafuna kubwera awiriawiri, ndipo Lachisanu masana, nthawi ya mapemphero, Mayi Malita anasiya kuitana aliyense. Mnyamata wa ku Karonga anayamba ndi kuwaphunzitsa moni wa kwawo, mpaka anafika pa zomwe zinkamusowetsa mtendere. Amene anafunika dokotala ankamuperekeza kuchipatala mwakachetechete, ngati akupita kumsika. Pofika sabata ya mayeso, Mayi Malita ankasowa nthawi yomwera tiyi.

Tsiku lina kunabwera Walter, akuti wadzabwereka pampu. Anapopa mpira umodzi mpaka unalimba ngati mwala, n'kuuphwetsa, n'kuyambanso kupopa. Anatuluka patatha maola awiri, maso ali ofiira, pampu ataiiwala patebulo. Zomwe ananena m'menemo palibe akuzidziwa, ndipo Mayi Malita sanauzepo munthu. Chodziwika n'chakuti mawa lake Walter anaima pamzere wa chakudya n'kupepesa Habiba mokweza, pamalo pomwe anamunyozera.

Habiba analemba mayeso onse, ndipo anakhoza. Zotsatira zitatuluka, kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde anasiya kaphukusi pa geti, kolembedwa kuti "Mama wa ukonde". Munali matemba ouma bwino, onunkhira dzuwa la ku Chiuta. Habiba atawaona anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Awa sanagule, madamu. Mjomba wabwerera panyanja."

Mayi Malita sanasinthe maganizo akuti matenda sabisa, ndipo mpaka lero amawauza ophunzira atsopano zimenezo mosapsatira. Chomwe anaphunzira n'chakuti wofuna kuchira amasankha yekha pomasulira bala lake, ndipo wothandiza ntchito yake ndi kutchinga, osati kuitana anthu. Paja akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu.