Chifukwa Chimene Che Ndembo Anakanira Madzi

Tsiku lina Lachisanu, anthu atabalalika pa mzikiti wina kufupi ndi Ntaja, panafika mnyamata dzina lake Twaibu Mkwanda kudzafuna Shehe Ajasi. Anawapeza kuseri atakwinya kanzu, akutsuka ndowa za madzi a udhu, odziyeretsera anthu asanapemphere. Ntchito imeneyi ikanatha kugwiridwa ndi wina aliyense, koma iwo sankaisiyira munthu.

Twaibu anali atatha miyezi iwiri akuthandiza anamwino pa chipatala china, ku wodi ya amuna. Ntchito yake inali kusambitsa odwala osatha kudzuka, kuwatembenuza, kuwameta ndi kuchotsa zofunda zimene aipitsira. Anali adakali pa nthawi yoyesedwa. Mwa anzake amene anayamba nawo, awiri anathawa sabata yoyamba, wina atasanza pakhonde anthu akuona. Twaibu sanasanzepo, ndipo kunena zoona, nkhani imeneyi ankaikonda kwambiri, moti ankaikamba ngakhale kwa munthu amene sanamufunse.

Atapatsana salamu, Shehe anapukuta manja namuyalira mkeka.

"Shehe," anatero Twaibu, "ndabwera kudzapempha mawu anu, osati a ine, koma a wodwala wina wouma mutu. Che Ndembo mukuwadziwa, aja ankaitana adhana, kuitanira anthu ku mapemphero, ku mzikiti wa kumsika. Anafa ziwalo mbali imodzi. Ana awo aamuna ali ku Joni, wowadikirira ndi mwana wamkazi, ndiye zowasambitsa anandipatsa ine. Lero ndi tsiku lachitatu osadya, osamwa. Phala likubwerera momwe labwerera. Awaika diripi, koma thupi likungotha. Ndikawakakamiza akuti asala. Sisitala wamkulu wanena kuti zikapitirira chonchi aonanso ngati ntchitoyi ndi yondiyenera. Inu akakumverani. Kawauzeni kuti Allah sakakamiza wodwala kusala."

"Zimenezo n'zoona, ndipo Che Ndembo akuzidziwa," anayankha Shehe. "Mundikhululukire, za chipatala ine sindizidziwa, ndiye ndifunsa ngati mbuli. Kodi dzuwa likalowa amamasula kusalako?"

"Ayi, Shehe."

"Nanga mbandakucha amalandira kanthu?"

"Ngakhale kadontho."

"Munthu amene waitanira anthu kuswala zaka makumi atatu amadziwa nthawi yomasulira kuposa inu ndi ine. Kusala kotere sindinakumvepo. Tandiuzani, Che Twaibu, mumawasambitsa bwanji?"

Apa nkhope ya Twaibu inawala, pakuti anafika pamene ankapadziwa.

"Pamenepo musakayike, Shehe. Anzanga amatha theka la ola pa munthu mmodzi, ine mphindi khumi ndathana naye. Ndimachotsa zonse kamodzi, bulangete, malaya, nsalu ya pansi, kenako sopo, madzi, kupukuta, mafuta pamsana kuti pasatuluke zilonda. Wodwala wanga sanunkha. Ine sindinyansidwa ndi chilichonse."

"Allah akudalitseni chifukwa cha manja amenewo. Pogona pawo mumatchinga?"

"Chotchingira chilipo chimodzi wodi yonse, ndipo mateyala ake anathyoka. Kuchikoka n'kutaya nthawi. Komanso muja ndi amuna okhaokha."

"Mukamawasambitsa mumayankhula nawo?"

"Kwambiri. Ndimawaseketsa kuti asadandaule. Ndimati, 'Agogo, mwatipatsanso ntchito lero?' Wodi yonse imaseka."

"Iwo amaseka nawo?"

Twaibu anaganiza pang'ono. "Amatsinzina."

"Tsiku lomaliza kudya, kunachitika chiyani?"

Twaibu anayamba kuyankha mofulumira, koma mawu anamuchepera pakamwa. Linali Lachiwiri masana. Che Ndembo anadya bwino, ndipo patapita nthawi pang'ono anadziipitsira, nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kukwana. Twaibu anafuna kuti alendo apeze poyera, ndiye anathamanga ndi beseni, nawavula. Belu linalira ali mkati mwa ntchito. Anthu analowa ndi madengu awo, amayi ndi abambo, ena a kumsika komwe kuja, ndipo mwana wawo wamkazi anaima pakhomo atanyamula fulasiki, kenako anabwerera chambuyo. Twaibu anapitiriza mpaka anamaliza. Tsiku limenelo anadzitama mumtima kuti sanasokonezeke.

Anafotokoza zonsezi maso ali pamkeka. 

"Ine ntchito yanu ndimaidziwa mbali imodzi yokha," anatero Shehe. "Ndimasambitsa maliro. Bambo anga atayamba kundiphunzitsa, sanayambe ndi madzi. Anayamba ndi nsalu. Timatseka chitseko, olowa ndi ofunikira okha. Tisanachotse chovala, timayamba tafunditsa nsalu kuchokera pamchombo mpaka m'mawondo, chovalacho n'kutulukira pansi pake. Dzanja timalikulunga, ndipo limagwira ntchito kunsi kwa nsalu, maso ali kumbali. Chimene taona mmenemo timafa nacho, ngakhale mkazi wako sumuuza. Ndinafunsa bambo kuti, 'Munthuyu saona, samva, tikumubisira chiyani?' Iwo anati, 'Ulemu umenewu anamupatsa ndi Allah, ndipo sanamulande. Iwe ndiwe yani?' Tsono ngati timatero ndi amene sangachitenso manyazi, nanga amene akumva kuseka kwa wodi yonse?"

Kaukali kanamukwera Twaibu. "Koma Shehe, ine sindinawanyoze. Anzanga amatseka mphuno, ena amawakalipira. Ine ndimawagwira ndi manja awiri."

"Sindikukana. Simunanyansidwe nawo, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mwakhala mukuyang'ana mtima wanu kuti muone ngati ukupirira, osayang'ana nkhope yawo. Che Ndembo awerengera bwinobwino. Akadya, adzadziipitsira. Akadziipitsira, mubwera ndi beseni. Dzanja lawo silingakoke bulangete, mwendo sungathawe. Chimene chawatsalira kuti adzitchinge nacho ndi pakamwa, ndiye atseka. Mawu oti asala angokuuzani kuti inuyo musachite manyazi."

Mawu amenewa anamulasa Twaibu. Anakumbukira maso otsinzina aja, ndi dzanja lamoyo lija limene linkafufuza m'mphepete mwa bedi, iye n'kumalibweza mwaulemu kuti lisamuchedwetse. Anachita manyazi aakulu, ndipo anachita mantha, chifukwa anaona kuti nkhalambayo ikanatha kufa ili yoyera, yodzola mafuta, iye akuyamikiridwa. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

"Ndiye kuti ntchitoyi si yanga, Shehe," anatero motsitsa mawu. "Aja anathawa aja anali abwino kuposa ine. Lolemba ndikauza sisitala kuti andichotse. Koma inu tiyeni, mukawapepese m'malo mwanga, mwina adya."

"Kukawaona ndipita, pakuti ndi m'bale wanga, ndipo ndachedwa kale. Koma za kudya sindikatchula. Ndikatchula adziwa kuti nkhani yawo yafika mpaka kumzikiti, ndipo tikhala tawavula kachiwiri. Kupepesa ndi kwanu. Za kusiya ntchito, musafulumire. Amene sanadziwe n'kuuzidwa, n'kulira monga mwaliramu, sindingamuthamangitse pa bedi la wodwala."

"Nanga ndidziwa bwanji ngati ndikuyenera? Sisitala ayang'ana liwiro ndi ukhondo, ndipo pamenepo ndikhoza. Koma ine sindikudzikhulupiriranso."

Shehe anamuyang'ana mwachifundo.

"Mawa m'mawa kokani chotchingira chija, chilire momwe chingalirire. Tengani nsalu yoyera ya kunyumba kwanu. Gwadani pafupi ndi khutu lawo, muwapatse salamu, mupemphe chikhululuko, kenako mupemphe chilolezo, ngati mmene mumaodira pakhomo la mwini. Muwafunditse musanawavule, musambitse chiwalo chimodzi n'kuchibisa musanaulule china, ndipo pakamwa panu pakhale potseka. Mukatha theka la ola, ithe. Mukamaliza musawakakamize kanthu, ingoikani kapu ya madzi pamene angaione. Amene akudziwa ngati ntchitoyi ndi yanu si sisitala, si ine, ndiponso si inu. Ndi Che Ndembo. Tsiku limene adzakupempheni madzi, akudziwa bwino lomwe kuti wodzawasambitsa pambuyo pake ndi inu, mudzakhale pa ntchitoyo mpaka imvi."