Mpata wa a Kenan

Pabwalo lina loimikapo malole pafupi ndi chipata cha Songwe, ntchito ya a Kenan inali yobweza galimoto chambuyo. Sankagwira chiwongolero ayi. Ankaima kumbuyo kwa lole n'kumaimba likhweru, kawiri kutanthauza bwera, kamodzi kotalika kutanthauza ima. Likhwerulo linkatulukira pampata umene unatsala kutsogolo pamene chitseko cha lole chinawagulula dzino lam'munsi, ndipo linali lakuthwa moti madalaivala ankalimva injini ili pakalapakala. Anthu ena amanyadira ng'ombe, ena digiri. A Kenan ankanyadira bowo.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi Ipyana, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anam'chotsa dzino lakumbuyo lomwe linabooka. Dokotala wa mano, mayi Anne, anati dzinolo lachoka nthawi yake isanakwane, ndipo anam'veka kawaya kozungulira dzino loyandikana nalo, kotambalala pampatapo.

"Aka n'kosunga malo," anatero mayi Anne. "Mano ali ngati anthu a m'minibasi. Wina akangotsika, enawo amayamba kusendera. Dzino latsopano likamadzatuluka lidzapeza malo ake alipo."

Mawuwo anawakhudza a Kenan, chifukwa kwa miyezi ingapo likhweru lawo linali litayamba kuonda. Lilime linathamangira pampata paja kukayeza. Funso linafika pakhosi, koma anayang'ana benchi yodzaza ana ogwira masaya, n'kulimeza. Bambo wa ndevu angafunse bwanji kawaya ka ana pamaso pa mwana wake?

Kunyumba anauza akazi awo, a Yunike, kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. "Waya ndi waya basi. Ndiuona m'kamwa mwa mwanayu, ndipanga wanga."

"Bambo a Ipyana, bwanji osangobwerera mukafunse?"

"Ndikafunse chiyani? Ine ndimabweza malole a matayala makumi awiri ndi awiri. Dzino lingandivute?"

Anayamba ndi sipoko ya njinga. Anaipinda ndi pulayala, akuyang'ana m'kamwa mwa Ipyana ngati mmisiri wokopera pulani, mpaka mwanayo nsagwada zinatopa. Sipokoyo inawang'amba nkhama, ndipo sabata yonse ankalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Anayesa kansungwi. Kameneko kanatsika ndi tiyi wa m'mawa. Anayesa kachidutswa ka chipeso, nako kanatsata kansungwi kaja. A Yunike anasiya kubisa kuseka, anayamba kubisa zipeso.

Kenako anapeza chimene anachitcha yankho. Anagula phula kwa munthu wina wofula njuchi, n'kumaumba katimpira kotseka pampata paja. Ikafika lole ankakachotsa, kuimba likhweru, n'kukabwezera. Koma kutentha kwa ku Karonga sikuchitira ulemu phula. Pofika masana kampira kaja kankakhala katafewa, ndipo a Kenan akangomeza malovu kankapita. Ankaumba kena. Pamwezi ankatha chibuluma chonse, mpaka wofula njuchi uja anafunsa ngati atsegula fakitale ya makandulo.

Phula silingakankhe dzino. Mano aja anapitiriza ulendo wawo mwakachetechete, lina kupendekera uku, lina uko, ndipo likhweru linasanduka kamphepo. Madalaivala anayamba kutulutsa mitu pawindo. Okhawo amene ankalimvabe anali agalu a pamsika, omwe ankabwera atatu anayi n'kukhala pansi kumuyang'ana munthu wamkulu akutupitsa masaya.

Tsiku la tsoka linali Lachinayi. Dalaivala wina wa ku Tanzania, Juma, ankabweza lole yodzaza simenti. A Kenan anaimba kawiri, Juma anabwera mongoganizira. Itakwana nthawi yoti aime, a Kenan anakoka mpweya wonse wa m'chifuwa n'kuuzira. Panatuluka "fyuu" wonga wa tayala lobooka. Lole inapitirira, n'kukagwetsa khoma la chimbudzi cha pabwalopo. Mwamwayi munalibe munthu, koma chitseko chinatsala chili chiimire chokha, loko wake ali wokhoma bwinobwino.

"Mzee, bwanji sunaimbe?" anakalipa Juma akutsika.

"Ndinaimba!"

"Unaimbira nani? Agalu?"

Mawa lake mwini bwalo anaika munthu wina, Gregory, amene analibe luso lililonse koma anali ndi wezulo yapulasitiki yopachika m'khosi. A Kenan anapatsidwa tsache. Zinawapweteka kwambiri, moti masiku atatu sanadutse pamsika.

Anapita kuchipatala tsiku lomwe Ipyana ankakam'chotsa kawaya kaja, poti dzino latsopano linali litasuzumira pamalo ake enieni. Mwana atatsika pampando, bambo anakwerapo okha osaitanidwa, n'kuyasama.

Mayi Anne anayang'ana nthawi yaitali. "Munkaikamo chiyani umu?"

"Phula."

"Nanga lili kuti?"

A Kenan analoza pamimba.

"Bambo, akuluakulu nawonso timawapangira chosungira malo. Chawo chimakhala chovula, mukafuna kuimba likhweru lanulo mumangochichotsa. Tsiku lija munali pompano, mpata ukadalipo. Pano mano apendekera kale. Kuwabweza ndi nkhani ina, ya mawaya a m'kamwa monse, ndipo muyenera kupita kuchipatala chachikulu."

"Ndiye chinalipo cha akuluakulu?"

"Chinalipo. Simunafunse."

Pobwerera, Ipyana ankadumphadumpha kutsogolo akugunda dzino lake latsopano ndi lilime. A Kenan anatsalira m'mbuyo, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyesanso kamodzi. Palibe chinamveka, ngakhale galu sanatembenuke. A Yunike atamva zonse sanaseke ulendo uno. Anangotenga chibuluma cha phula chotsala n'kukapatsa mnansi wawo wosoka nsapato.

Mpaka lero a Kenan amasesa pabwalo lija, wezulo ya Gregory ikulira m'makutu mwawo kuyambira m'mawa. Amene amadziwa nkhaniyi akamadutsa amangogwedeza mutu, poti akuluakulu ananena kale kuti safunsa anadya phula.