Chikope cha Mkamwini

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nachisale. Anali wamakani mayi ameneyo. Akati ayi, inali ayi basi. Makani anuwa musamati mwayamba ndinu, munatengera iyeyo.

Mwana wake Mwatitha anakwatiwa ndi Kamtedza, munthu wofatsa wochokera kutsidya kwa dambo, amene anabwera kudzakhala pachikamwini. Ankalima Kamtedza, ankalima, osayankhula zambiri. Tsiku lina pachikope chake panatuluka kachotupa kolimba ngati nyemba. Kupweteka ayi, kuphulika ayi. Mwezi unatha kali pomwepo.

Mukudziwa zimene anthu ankanena masiku amenewo? Ankati chikope chikatupa chotero, mwini wake wasuzumira zosayenera kuona. Ndiye kuchitsime kunabuka manong'onong'o akuti Kamtedza anasuzumira apongozi ake akusamba. A Chidothi, mlongo wake wa Nachisale, mwini mbumba, anaitanitsa abale n'kulamula kuti mkamwini anyamule mphasa yake azipita kwawo. Apo n'kuti Mwatitha ali ndi pakati. Analira mwana wamkazi uja mpaka mawu kusasa.

Tsono mwambo mukuudziwa: mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, sayankhulana naye maso ndi maso. Nanga Nachisale akanamuteteza bwanji? Anakhala pansi atamufulatira Kamtedza, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Achimwene, chaka chimene munkafunsira mbeta chija, chikope chanu chinatupa miyezi iwiri. Ndinkakuthowani ndine. Tatiuzani, munasuzumira yani?"

A Chidothi anakanda kumutu, n'kuyamba kufunafuna fodya wawo.

Kenaka Nachisale, chifulatirire, anayankhula ndi mtondo umene unali pambali pake. "Iwe mtondo, ukawauze bambo a nyumba yakumunsi kuti palibe mlandu apa. Ndi mafuta a m'chikope agwirana, ngati mafuta a mbuzi m'mbale yozizira. Asafinye, asaboole ndi munga. Mkazi wawo aziwathowa ndi kansanza ka madzi ofunda, m'mawa, masana ndi madzulo."

Kamtedza anawomba m'manja, misozi ili m'masaya. "Mtondo wanena, ine ndamva."

Anathowa Mwatitha, anathowa, osatopa. Kachotupa kanaphwa pang'onopang'ono, chimanga chisanache kanali katatha. Mwana anabadwa bambo ake ali pakhomo. Pambuyo pake panabwera ana ena asanu, ndipo chitsiriza chake ndiye agogo anga, amene anandilera. Ndikaganiza zimenezi ndimamukonda Nachisale ngati ndinamuona ndi maso. Akanakhala chete tsiku lija, ine ndikanakhalapo? Nanga inu?

N'chifukwa chake kwathu kuno, munthu akatuluka chachilendo pathupi, sitimufunsa kuti walakwanji. Timayamba tatereka madzi.