Wakuba Amene Anati "Ndine"

Che Mtila anafika pa mzikiti wathu wa ku Ntaja titangotsiriza swala, pemphero la masana. Anaimika njinga yamoto pafupi ndi khonde, osaizimitsa n'komwe. Ine ndinali mwalimu wa madrasa pamenepo, ndipo ndinali pakhonde ndi Shehe Imedi Ajasi, amene anandiphunzitsa ine. Shehe anali kusoka mkeka wa mumzikiti umene unayamba kumasuka m'mphepete. Ntchito zoterezi sankatuma munthu.

Che Mtila tonse tinkawadziwa. Anali ndi chigayo pamsika, ndipo kufunsa nzeru kwa wina sichinali chizolowezi chawo. Pamsonkhano akalankhula iwo ndiye kuti nkhani yatha. Tinkadziwanso nkhani imene sankafuna kuti izitchulidwa. Mwana wawo Twaibu anapita ku Joni atakangana nawo za kayendetsedwe ka chigayo chomwecho, ndipo Che Mtila analumbira pamaso pa anthu kuti sadzamuimbira foni mpaka mwanayo adzayambe yekha kupepesa. Dzinja linabwera n'kupita kangapo onse awiri ali chete.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam, Che Mtila. Zimitsani njingayo mukhale pansi."

"Sindikhala, Shehe, nthawi ndilibe. Ndangodutsa kuti mundichitire duwa, mundipempherere kwa Mulungu. Twaibu waimba."

Shehe anasiya singano. "Alhamdulillah. Ali bwanji?"

"Ali pamavuto. Amabwera kumudzi kudzandipepesa, ndiye amugwira kumalire, akuti mapepala ake aulendo anatha. Wabwereka foni ya bwana wina kumeneko. Akuti ndikatumiza ndalama pa nambala imeneyo dzuwa lisanalowe amumasula, ndikachedwa amutengera kundende. Ndikupita kwa ajenti wotumiza ndalama panopa."

Ankalankhula nkhope ili ndi mantha, koma pansi pa manthawo panali chimwemwe chosabisika. Mawu akuti "kudzandipepesa" anawatchula pang'onopang'ono kuti ine ndi Shehe tiwamve bwino.

"Duwa ndichita," anatero Shehe. "Koma mundithandize kaye, kuti ndidziwe chomwe ndikupempha. Foni italira, mawu oyamba enieni anali otani?"

"Anati, 'Ababa, ndine.'"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati, 'Twaibu?' Iye anati, 'Eya, ababa,' n'kuyamba kulira."

"Ndiye dzinalo anatchula ndani?"

Nkhope ya Che Mtila inasintha. "Shehe, ndimakulemekezani. Koma mukundiuza kuti sindingadziwe mawu a mwana amene ndinabala ine? Ndachita malonda moyo wanga wonse, palibe anandipusitsapo. Zoberedwa pa foni zimachitikira anthu osayenda."

"Sindikunena kuti si iye," anayankha Shehe mofatsa. "Ine sindikudziwa. Munthu akamalira, mawu ake amafanana ndi a wina aliyense wolira, makamaka pa foni. Koma muone izi. Ana a m'madrasa muno timawaphunzitsa kuti ukati odi pakhomo, mwini nyumba n'kufunsa kuti ndani, usamayankhe kuti 'ndine'. Uzitchula dzina. Aliyense ndi 'ndine', ngakhale wakuba. Vuto lathu akuluakulu ndi manyazi. Timaopa kufunsa m'bale kuti ndiwe yani, kuti angati tamuiwala. Ndiye timathamanga kumupatsa dzina, iye n'kungolivala ngati malaya."

"Ameneyo ndi Twaibu," anatero Che Mtila, koma liwu linali litatsika.

Shehe anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira kuti batire isagwe, n'kukaika pamkeka. "Musaganize kuti ndikudziona wochenjera. Inenso anandiimbira, mawu a mayi waulemu kwambiri, akuti ndawina mphatso, ndidine wani kenako ndilembe nambala yanga yachinsinsi. Ndinamupatsa salamu, iye osayankha, kumangopitiriza zake. Ndinamupatsanso kachiwiri. Mwalimu apa ndi amene anandiuza kuti ndikulonjera makina."

Zinalidi choncho, ndipo tsiku limenelo ndinaseka mpaka misozi, Shehe akuseka nane.

"Chinandipulumutsa si nzeru," anapitiriza Shehe. "Ndinangodzifunsa kuti mpikisano umene sindinalowe ndingawine bwanji. Tsono inu ndikufunseni. Woimba foniyo wakuuzani kuti musauze mayi a Twaibu?"

"Wati mayi ake angadwale ndi mantha."

"Nanga za nambala yake ya ku Joni wati chiyani?"

"Wati ndisaimbeko, foni yake amulanda."

"Hmm." Shehe anatolanso singano ija. "Mwana akagwidwa amafuna kuti mudzi wonse umve, kuti thandizo lichuluke. Amene akufuna kuti mukhale nokhanokha, muthamange, ndiponso musaimbe kwina, akuopa kuti mungakumane ndi munthu wokufunsani funso."

Nthawi yomweyo foni ya Che Mtila inalira m'thumba. Anaitulutsa. Inali nambala yomwe ija.

"Musanayankhe," anatero Shehe, "Twaibu asanapite ku jando munkamuitana dzina lina."

Kwathu kuno mnyamata akachoka ku jando amalandira dzina latsopano, ndipo la paubwana limasiyidwa. Kumuitana nalo munthu wamkulu n'kumunyoza. Limatsala m'mitima ya makolo ndi mwa mwini wake basi.

"Shehe, munthu wamkulu ndimufunse dzina limenelo?"

"Simukumuitana nalo. Mukungomufunsa ngati akulikumbukira. Ngati ndi iye, lituluka msanga kuposa misozi, ndipo ine ndikuperekezani kwa ajenti."

Che Mtila anayankha foniyo, n'kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Ababa, mwatumiza? Akufuna kundikweza galimoto, ababa!" Mawuwo anali a mnyamata wolira, ndipo kunena zoona inenso ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

"Iwe," anatero Che Mtila, "usanapite ku jando tinkakuitana kuti ndani?"

Mnyamata uja analizemba funsolo.

"Ababa, mutu wanga wasokonezeka, andimenya kwambiri. Ingotumizani, zinazo tikakambirana kunyumba."

"Ndakufunsa dzina lako."

"Ndi Twaibu lomwelo, ababa."

Kenako panabwera mawu ena, a munthu wamkulu waukali. "Madala, mukutitayitsa nthawi. Mwana wanuyu mukumufuna kapena ayi?"

"Muuzeni atchule dzina," anatero Che Mtila.

Munthu uja anatukwana mawu amene sindingalembe, foni n'kuduka.

Che Mtila anayang'ana foniyo kwa kanthawi. Kenako anapita kukazimitsa njinga ija, anavula nsapato, n'kukhala pansi pamphepete pa mkeka. Ine ndinkaganiza kuti athokoza Mulungu kuti ndalama zawo zapulumuka. Koma anangoti, motsitsa mawu, "Ndiye kuti Twaibu sanaimbe."

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Munthuyo sanaberedwe kalikonse, koma anakhala ngati wolandidwa zonse. Kuyambira m'mawa anali ndi mwana amene akubwera kumudzi, ndipo tsopano analibe. Ndinawamva akutchula monong'ona dzina la paubwana lija. Sindililemba pano, poti mwini wake ndi bambo tsopano.

Shehe anasoka mkeka uja mpaka pothera ulusi, n'kumanga mfundo.

"Nanga ngati analidi iye?" anafunsa Che Mtila. "Mwina wangochita manyazi kulitchula pamaso pa anthu achilendo. Shehe, ndikapanda kutumiza, iye n'kukalowa kundende, ndidzayang'ana bwanji mayi ake?"

"Funso limenelo ndi labwino, ndipo yankho lake si lovuta. Aliyense wokuimbirani ndi nkhani yoopsa, kaya akuti ndi m'bale, kaya akuti ndi wa ku banki, mumadula foni, n'kuimba nokha pa nambala imene mukuidziwa kale. Nambala ya Twaibu ya ku Joni muli nayo?"

"Mayi ake ali nayo." Kenako anawonjezera kuti, "Inenso ndili nayo. Sindinaifufute."

"Imbani. Ngati foni yake anamulanda, siyankhidwa, ndipo tifunsa kwa anzake amene amakhala naye. Akayankha yekha, mwadziwa."

Che Mtila anapukusa mutu. "Ndinalumbira, Shehe. Inu munalipo. Ndinati sindidzayamba ine. Anthu onse a pamsika anamva. Ndikaimba lero, mawu anga adzakhalanso ndi kulemera kotani?"

Apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu anali wokonzeka kutaya ndalama kwa mlendo kusiyana n'kudina nambala ya mwana wake.

Shehe anaika singano ija pambali, n'kutembenuka kuyang'ana Che Mtila.

"Lumbiro lodula ubale silisungidwa, Che Mtila. Mumalithyola, mumadyetsa osauka monga malipo ake, nkhani n'kuthera pomwepo. Chigayo muli nacho, ufa sukusowani. Koma mumve ichi. Munthu uja sakudziwani. Amangoimba manambala n'kumati 'ndine', kudikira kuti apeze munthu amene ali ndi dzina lomukhala pakhosi. Lero wapeza inu. Mwatchula dzina la mwana wanu mwachikondi, mwamukhululukira asanamalize n'kupepesa komwe, mwakwera njinga kukamuwombola. Zonsezo mwachitira wakuba, mwini dzina sanamveko kalikonse. Foniyo ili m'manja mwanu. Muimbireni. Ndipo akafunsa kuti ndani, musanene kuti 'ndine'. Munene kuti ndi bambo ake."