Khoma Lomwe Mbuzi Zinkanyambita

Panali munthu wina amene ankayenda chonchi: mimba patsogolo, mutu m'mbuyo, manja kumsana ngati wabisa nkhuku ya eni. Phazi ankaliponda pang'onopang'ono, ngati akufunsa nthaka kuti, kodi ukundidziwa? Asanayankhule ankayamba wakonza kukhosi, "Ehee, ehee," kenako mawu n'kutulukira m'mphuno:

"Ine Mmadi sindimanga nyumba ndi zotolatola. Ine ndimaitanitsa lole."

Dzina lake ndi limenelo, Mmadi. Kwawo kunali ku Komoro, dziko la zilumba pakati pa nyanja yamchere, kuseri kwa Mozambiki uko. Inu a kumtunda kuno simungazimvetse msanga. Kuno munthu ukakwiya umayenda mpaka mkwiyo uthe. Kumeneko ukakwiya n'kuyenda choongoka, umafika pamadzi mkwiyo ukadali wotentha, basi ubwerere ukadye ndi omwe wayambana nawo aja. Dziko lake ndi la miyala yakuda bii, imene phiri linalavula kalekale. Mchenga ndi wochepa, kamzere chabe m'mbali mwa gombe ngati mkanda pakhosi. Koma kamzere kameneko ndiko kamaletsa mafunde kulowa m'nyumba za anthu.

Nyumba kumeneko ndi ya mkazi, monga mudziwira za chikamwini. Bambo amamangira mwana wake wamkazi, mkamwini n'kudzalowamo. Ndiye pali ukwati waukulu, wodya mudzi wonse masiku ambirimbiri. Bambo amene wafikitsa mwana wake pamenepo amavala mkanjo wakuda wa ulusi wagolide, amakhala kutsogolo, ndipo pabwalo mawu ake amamveka. Amene sanafikepo, ngakhale imvi zimere mpaka m'makutu, amakhala kumbuyo pamodzi ndi anyamata.

Mmadi ankakhala kumbuyo, poti mwana wake wamkazi anali asanamumangire nyumba. Zinkamuwawa ngati chithupsa cha pokhalira.

Tsono mudzi wawo unali ndi pangano: mchenga wa pagombe usakhudzidwe. Wofuna kumanga agule mchenga wa miyala yogaya, wobwera pa lole kuchokera kuphiri. Wophwanya pangano asalidwe, munthu asaponde pa ukwati wake, munthu asaponde pa maliro ake. Kuno ukasalidwa umasamukira kwa amalume kuboma lina. Pachilumba usamukira kuti, kwa nsomba?

Mmadi anaitanitsadi lole. Inabwera kamodzi kokha, koma mmene inabwerera! Anamuuza dalaivala kuti azungulire mudzi wonse akuliza hutala, iye ataimirira pamwamba pa mchengawo ngati mkwati. Ngakhale ogontha anamva kuti Mmadi wagula mchenga. Mulu wakudawo anauthira pakhomo penipeni, pooneka. Unakhala pomwepo osachepa, mpaka unamera udzu, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Nyumba yokha inkakwera.

Mmadiyu anali ndi mlongo wake wamng'ono, Zalihata, mayi wamasiye. Ankakhala m'nyumba imene anasiya malemu mayi awo, kumapeto kwa mudzi, kuseri kwa miyala ikuluikulu. Pansi pa nyumbayo panali kagombe kobisika, ka mchenga wosalala ngati ufa. Masana dzuwa likafika paliwombo, mudzi wonse utagona pamthunzi, Mmadi ankasenza thumba la makoko a kokonati kupita nalo kwa mlongo wake kuti azikolezera moto. Anthu ankamuyamikira. "Mchimwene ndiye ameneyu, tsiku silipita osakaona mlongo wake." Sankadabwa kuti popita thumba linkavina pamsana, pobwerera mwini wake ndiye ankavina, miyendo gwedegwede, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo.

Zalihata ankaona zonse ali pakhonde. Tsiku lina anati:

"Achimwene, madzi ayamba kufika pa mtengo uja anabzala mayi."

"Ehee, ehee. Thumba limodzi, chemwali. Nyanja ili ndi mchenga wambiri pansi pakepo, mawa lomweli ibweza."

Nyanja sinabweze. Chaka chinatha, china n'kutha. Thumba limodzi, thumba limodzi. Zalihata sanayankhulenso, chifukwa munthu woti akamunenere kwa akulu anali yemweyo woyenera kumunenera iye.

Paja mchenga wa kunyanja uli ndi mchere. Ofuna kumangira amayamba ausiya pabwalo kuti mvula iutsuke. Koma Mmadi akanausiya bwanji pabwalo? Ankaubisa m'kati mwa nyumba yosathayo, n'kumaumba mabuloko zitseko zili chitsekere. Nyumba inatha, yosanja, yaitali kuposa zonse m'mudzimo. Posakhalitsa khoma linayamba kutuluka thukuta. Thukuta likauma pankatsala zoyera mbee. Mmadi anapaka penti wabuluu. Penti anafundukuka. Anapakanso. Anafundukukanso. Munthu uja anasanduka wantchito wa khoma lake lomwe, m'mawa uliwonse ali ndi kansanza, kulipukuta nkhope ngati mwana wa chimfine.

Ukwati wa mwana wake uja unachitika. Anthu anadya mpaka kumasula malamba. Mmadi anavala mkanjo wakuda uja, ndipo kayendedwe kaja kanafika poipa. Mimba inkafika pamsika mwini wake akadali pa mzikiti.

Mpunga wa ukwati usanathe m'miphika, nyanja inadzaza kuposa masiku onse. Kwina konse mafunde anafika pamchenga n'kubwerera. Kwa Zalihata sanapeze chowabweza. Anazula mtengo wa mayi, anatenga khitchini, anagwetsa khoma la kuchipinda. Zalihata anapulumutsa mphasa, miphika ndi kabokosi ka zovala.

Anthu atathamangirako anapeza kagombe kaja kulibe, miyala yokhayokha. M'mphako ya mwala anapezamo fosholo ndi matumba ong'ambika. Kanjira kopondeka bwino kankachokera pamenepo kukafika pakhonde pa Zalihata. Nkhani inatha yokha m'kamwa mwa anthu: mayi wamasiyeyu wakhala akugulitsa mchenga.

Akulu anaitanitsa bwalo. Ndipo poti dzuwa linali loswa mtengo, anasankha mthunzi waukulu kuposa yonse m'mudzimo. Mukuudziwa. Mthunzi wa nyumba ya Mmadi.

Amuna a mikanjo anakhala kutsogolo, Mmadi pakati pawo, tsiku lake loyamba. Zalihata anamukhazika pambali, chakukhoma, pa kabokosi kake kaja. Mkulu wina wopanda mano, amene ankatsogolera nkhani, anafunsa:

"Zalihata, iwe umakhala pamenepo usana ndi usiku. Ndani amakumba?"

"Ine ndimaona nkhanu zokha, akuluakulu."

"Nkhanu za fosholo?"

Anthu anaseka. Zalihata anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ukapanda kutchula munthu, mlandu ndi wako. Pangano ukulidziwa." Mkuluyo anatembenuka. "A Mmadi, mwini mbumba ndinu, ndipo lero mwakhala kutsogolo. Yambani ndinu."

Mmadi anaimirira. Tsiku limeneli analilota kuyambira ali mnyamata. Anakonza mkanjo, anakonza kukhosi.

"Ehee, ehee. Abale anga, nkhani ya nyanja ndi yozama. Pali sitima zikuluzikulu zimene zimakankha madzi. Pali kutentha kwa dziko, mwamva pa wailesi. Pali anyamata a mudzi wa kutsidya, akuba kuyambira m'mimba."

Akuyankhula choncho, kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso. Nyambi, nyambi, nyambi. Inali mbuzi, imodzi mwa zimene zinapulumuka pa ukwati. Inali itatseka maso, lilime lili pakhoma, ikumva kukoma ngati mwana wapisa chala m'chitini cha mkaka. Mmadi anaiponyera chidendene osatembenuka. Inachoka, n'kubwera ndi anzake. Inu mukudziwa mbuzi ndi mchere. Zinandanda pakhomapo ngati ana asukulu pa mzere wa phala, ina mpaka kuimirira ndi miyendo iwiri kuti ifikire pamwamba pomwe panali ponona.

Kumbuyo, komwe kunakhala anyamata, kunayamba manong'onong'o.

"Mbuzi za masiku ano zayamba kudya nyumba?"

"Nanga yanga bwanji sizinyambita?"

"Yako ndi yosakoleretsa, achimwene. Ya a Mmadi anathira ndiwo."

Mmadi anamva. Thukuta linatsika mumsana. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, akuyankhulabe, mpaka anatsamira khoma pamalo pomwe penti anafundukuka kwambiri, kuti apabise ndi thupi lake. Ndipo poti munthu womira amagwira chilichonse, anagwira mlongo wake.

"Komanso, abale anga, tisabise. Mayi wokhala yekha amanyengeka. Ine zikundiwawa, ndi magazi anga. Koma pangano ndi pangano."

Anthu anagwedeza mitu. Munthu wachilungamo bwanji, sakondera ngakhale mlongo wake. Mmadi analimba mtima, anachoka pakhoma paja n'kubwera kutsogolo kuti amalize.

Kumsana kwa mkanjo wakuda uja kunali mbee, kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno. Mchere wokhawokha. Anthu onse anali kutsogolo kwake, sanaone. Amene anaona ndi munthu mmodzi yekha, wokhala pambali chakukhoma, pa kabokosi.

Zalihata akanangoloza chala. Akanangoti, tembenukani achimwene, anthu aone. Mlandu ukanathera pomwepo.

Anaimirira. Anadutsa pomwe akazi sadutsa. Anafika kumbuyo kwa mchimwene wake, natenga nsonga ya nsalu yake n'kuyamba kumusansa kumsana, mofatsa, monga ankachitira mayi awo akamawatumiza ku mzikiti ali ana. Anayankhula motsitsa, kuti amve iye yekha:

"Mwadetsa mkanjo, achimwene. Ndi fumbi chabe. Imani bwino, anthu akukuonani."

Anasansa mpaka mkanjowo unayera, kapena tinene kuti mpaka unada. Kenako anabwerera pa kabokosi kake, nakhala pansi kudikira kuti amusale.

Mmadi anatsegula pakamwa. "Ehee..." Sizinatuluke. Anayesanso. Ayi ndithu. Mimba ija, imene inkatsogola zaka zonsezi, inabwerera yokha m'kati. Manja anachoka kumsana n'kulendewera ngati a munthu wamba. Anayang'ana mlongo wake. Pa nsonga ya nsalu yake panali poyera, ndipo mayiyo anali atapafumbata m'dzanja kuti pasaoneke.

Bwalo linali zii. Zinkamveka ndi mbuzi zokha.

Mmadi anavula mkanjo uja, naupinda, nauika pansi pafumbi. Anapita pakhoma, anakankha mbuzi imodzi, napala khomalo ndi chikhadabo. Zoyera zinadzaza chikhato. Anabwera nazo kwa mkulu wopanda mano uja.

"Lawani, bambo."

Mkuluyo analawa, nalavula.

Pamenepo Mmadi anayankhula, osati za m'mphuno zija, koma ndi mawu ang'onoang'ono amene anthu anali asanawamvepo:

"Fosholo ija ndi yanga. Gombe la mayi lili m'khomali, ndinalisenza ndine, thumba limodzilimodzi. Mlongo wangayu sananame. Nkhanu imene ankaiona ndine."

Mwasekatu mokwanira, tsopano ndikufunseni. Ulemu umene mukuumangawo, mchenga wake mukukumba pansi pa nyumba ya yani? Musati ndi thumba limodzi, naye Mmadi ankatero. Ndipo amene wakukhalirani chete kunyumbako, musamuyese wakhungu. Akuona, akungokusansani kumsana. Yankhulani nokha akadali ndi khoma lotsamira, mbuzi zisanabwere kudzakuyankhulirani.