Chimbudzi Chosadzaza

Panali bambo wina amene anatopa ndi kukumba zimbudzi. Nyumba yake inali kumtunda kwa mudzi, pa dothi lamchenga. Akakumba chimodzi, mvula inkachigwetsa. Chikapirira mvula, chinkadzaza. Msana unayamba kumuwawa, ndipo khasu linamukwana.

Chaka china anati, "Ichi ndiye chomaliza." Anakumba, nakumbabe, mpaka pansi pa dzenjelo panayamba kutuluka madzi. Mkazi wake anasuzumiramo n'kunena kuti, "Bambo, lekerani pomwepo, mwafika pa madzi."

"Ndi amene ndimafuna," anayankha. "Chimbudzi chofika pa madzi sichidzaza."

Ndipo sichinadzazedi. Zaka zinapita. Anzake ankakhetsa thukuta ndi maenje atsopano, iye ali phee pakhonde. Ena anayamba kubwera kudzafunsa kuti anakumba mozama bwanji.

Kumunsi kwa nyumbayo kunali chitsime chimene mudzi wonse unkamwa. Madzi ake anali oyera, ozizira, opanda fungo. Choncho ana atayamba kutsegula m'mimba, anthu anati ndi mango osapsa. Mango atatha anati ndi ntchentche. Kenako matendawo anagwira mkazi wa bambo uja. Anagona pamphasa maso atalowa m'kati, ndipo akapempha madzi, mwamuna wake ankamumwetsa a pachitsime chomwecho.

Mlongo wake wa bamboyo, amene anabwera kudzadwazika, anamufunsa tsiku lina kuti, "Achimwene, mumati chimbudzi chanu sichidzaza. Nanga zonse zija zimapita kuti?"

Bamboyo ananyamuka n'kutuluka panja. Anakaima pakhomo pa chimbudzicho n'kuyang'ana kumunsi. Anaona amayi atazungulira chitsime akutunga, ndipo anagwidwa ndi mantha. Anatenga khasu lija, anagwetsa khoma ndi denga, n'kuyamba kukwirira dzenjelo. Anakwirira akupumira, chifukwa anali atakalamba.

Mkazi wake anachira, koma mphamvu zosenzera ndowa sizinabwerere. Chitsimecho anthu anachitseka ndi minga. Amayi anayamba kukatunga kutsidya kwa phiri, ndipo njira yake inkadutsa pakhomo pa bambo uja. Palibe anamunyoza. Ankangomupatsa moni, "Mwaswera bwanji, bambo?" ndowa zili pamutu, thukuta likuyenderera m'khosi. Iye ankalakalaka akanangomutukwana.

Inu amene mukumva, nanenso ndatopa kunena zimenezi pamaliro. Madzi amene timamwa amayenda pansi pa mapazi athu, ndipo sadziwa malire a munthu. Chimene mwataya m'dzenje lanu n'kuchiiwala, mnzanu wakumunsi amachitunga m'mawa. Kutopa tonse tatopa, koma musanazike khasu pansi, yang'anani kaye kumene kuli chitsime. Mukafika pa chinyezi, lekani. Ndi bwino kukumbanso chaka chamawa kusiyana ndi kumwetsa wodwala wanu madzi amene akumupha.