Galasi la Kumanzere

Pafamu ya a Triffitt, kumtunda kwa tauni ya Bothwell, pali mageti khumi ndi anayi, koma kwa zaka makumi atatu Graeme Triffitt sanatsegulepo ngakhale limodzi. Lamulo la kuno ndi lakale: wokhala mpando wa kumanzere ndiye amatsika. Mpando umenewo unali wa mkazi wake, Coral. Galimoto ikaima, mayiyo ankatsika, kutsegula geti, kudikira kuti idutse, kutseka, n'kukweranso. Tsiku la ntchito yambiri chitseko cha mbali yake chinkatseguka ngakhale maulendo makumi anayi.

Graeme anali ndi khosi louma kuyambira chaka chimene hatchi inamugwetsa, moti kucheuka kunali kutembenuza thupi lonse. Kumbuyo kwa galimoto yake kunali chikhola cha agalu chimene chinkatchinga galasi la m'kati. Akamabwerera m'mbuyo ndi ngolo ya nkhosa, maso ake onse anali magalasi awiri a m'mbali.

M'mwezi wa Juni, chisanu chitayamba kuyala m'mawa uliwonse ngati ufa wotayika, galasi la kumanzere linasiya kufunda. La kumanja, akangodina batani lotenthetsera magalasi, linkayera pasanathe mphindi zitatu. Linzake linkangokhala mbuu ngati diso la ng'ala. Graeme anapita kutauni, kwa munthu wina wa masatifiketi odzaza khoma, amene sanatuluke n'komwe kukaona galimotoyo koma anamugulitsa galasi latsopano. Analiika. M'mawa mwake ng'ala ija inali pomwepo. Pamenepo Coral anaimbira foni mlamu wake mwakachetechete.

Raelene anali mlongo wake wamng'ono wa Graeme. Bambo awo atamwalira, malo, nkhosa ndi nyumba zinapita kwa mwana wamwamuna, monga zimakhalira kuno, ndipo mwana wamkazi anapatsidwa chishedi cha malata m'mphepete mwa msewu ndi mawu a chipepeso. M'chishedi chimenecho anadziphunzitsa yekha magetsi a galimoto pophwasula magalimoto akufa. Pepala la sukulu analibe. Theka la magalimoto a m'derali ankayenda chifukwa cha manja ake, koma mchimwene wake ntchitoyo ankaitcha kuseweretsa mawaya.

Raelene anafika Loweruka m'mawa ndi kamita kake koyezera magetsi, ndipo sanataye nthawi ndi malonje. Anati fyuzi isavutitsidwe, chifukwa magalasi onse awiri amadya pa fyuzi imodzi ndi batani limodzi; zikadapsa, onse akadafera limodzi. Anazula galasi latsopano lija n'kuonetsa Coral kumbuyo kwake, kumene kawaya kopyapyala kamayenda mokhotakhota ngati njira ya chiswe. Kameneko ndi kamene kamatentha magetsi akadutsamo. Anakayeza, kanali kamoyo. Anaitanitsa galasi lakale limene Coral anasunga pawindo la kukhitchini, nalonso linali lamoyo. Anayeza timapini tiwiri tobweretsa magetsi, panalibe kanthu.

Kenako anapempha mlamu wake kuti atsegule chitseko pang'onopang'ono, iye maso ali pa kamita. Chitseko chitafika pakati, manambala anadumpha; chitapitirira, anagwanso. Raelene anagwira kamphira kakuda kamene kamabisa mawaya pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, nati kuthyoka kuli m'menemo. Waya ameneyo amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatseguka, ndipo palibe mlimi wosadziwa chimene chimachitika ukapinda waya wa mpanda pamalo amodzi tsiku ndi tsiku.

Graeme, amene nthawi yonseyi anangoima manja ali m'thumba, mawuwo anamulasa pamene Raelene sanalozepo.

"Ndiye ukuti olakwa ndi mageti anga?"

"Ndikuti waya wathyoka, achimwene. Zoti munthu wina akadamatsikako nthawi zina, mwanena ndinu."

Anapempha kuti amusiyire galimotoyo masana amodzi okha, achotse chikuto cha m'kati mwa chitseko, alumikize wayayo. Graeme anakana. Anati Lachinayi kuli msika wa nkhosa, ndipo sangalole kuti galimoto yake ing'ambidwe mimba ndi munthu wophunzira pa zinyalala. Anati magalasi ofunda ndi zoseweretsa za anthu a m'tauni, ndipo bambo awo anayendetsa galimoto moyo wawo wonse popanda zimenezo.

"Bambo khosi lawo linkatembenuka," anatero Raelene. Nkhope yake inali itafiira. "Ndipo mukamalowetsa ngolo chambuyo pa geti la khola, alamu amaima mbali imeneyi. Tsiku lina mudzawaponda. Ndanena pamaso pawo kuti musadzati sindinanene."

"Tola kamita kako uzipita. Pafamu pano ulibepo ngakhale msomali."

Coral anamuthamangira ndi masikono okulunga m'kansalu, n'kumunong'oneza kuti asadandaule, iye poima amapadziwa.

Madzulo ake Graeme anasimba nkhaniyo komwera mowa, ndipo anzake anaseka mpaka kugwira mimba. Mmodzi wa iwo, Murray, amene amaseka chilichonse chonenedwa ndi munthu wa malo aakulu, anati mekaniki wabwino wa galasi ndi ketulo, chifukwa ketulo sayankha mwano. Ena anavomereza kuti akazi akangodziwa kugwira sipanala amayamba kulosera maliro. Graeme anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Mawu okoma ndi otchipa, ndipo munthu wa nkhosa zikwi zitatu sawasowa.

Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ketulo anagwira ntchito yake. Graeme ankathira madzi ofunda pagalasi dzuwa litatuluka kale, galasi n'kuuma lokha m'njira. Ankayang'ana mkazi wake ndi diso la munthu wopambana mlandu.

Lachinayi ananyamuka kum'mawa kusanafiire bwino, pofuna kukafika kumsika ogula akadali ndi njala. Kunazizira mpaka madzi a m'zomwera za agalu anauma gwa. Anathira ketulo pakhomo monga mwa masiku onse. Koma khola lokwezera nkhosa lili kutsidya kwa kamtsinje, mageti atatu kuchokera kunyumba, ndipo m'chigwa chimenecho nkhungu inali itagona. Pofika pa geti la khola, madzi otsalira pagalasi anali ataundana, chigamba chochindikala kuposa chisanu chimene anachotsa.

Graeme anaona. Zimenezi zisabisidwe, anaona. Coral nayenso anaona, ndipo atatsika anakoka mkono wa juzi yake kuti apale galasilo. Chinali chinthu cha mphindi imodzi. Koma kulola kuti lipalidwe kunali kuvomera kuti mkazi wa m'chishedi uja ananena zoona.

"Zisiyeni mayi, tachedwa. Geti limeneli ndimalowa nditatsinzina."

Coral anatseka chitseko napita kumbuyo. Geti la khola linali lolemera, ndipo poti malowo ndi otsetsereka, linkakonda kubwerera lokha. Masiku onse mayiyo ankaligwira ataima kuseri kwa nsanamira. M'mawa umenewo chitsulo chinaterera m'magolovesi ake, geti n'kuyamba kubwerera, iye n'kuponda patsogolo kuti alikankhe. Nsapato inatsetsereka pa madzi oundana. Anagwa pakati pa nsanamira ndi ngolo.

M'galimoto mawindo anali otseka, injini ikulira, chotenthetsera chikuuzira mphepo. Kumanja Graeme ankaona mpanda bwinobwino. Kumanzere ankaona kuyera kokhakokha. Anamva ngolo ikukana pang'ono, ngati yakwera mwala, ndipo anawonjezera moto. Chinamuimitsa ndi agalu, amene anayamba kulira kulira kumene anali asanakumvepo.

Woyamba kufika anali Raelene, chifukwa chishedi chake chili pafupi ndipo Graeme anaimba nambala yake asanaimbe ina iliyonse. Anavula jekete n'kufunditsa mlamu wake, anagwada pachisanu atamugwira mutu, akumulankhula za masikono ndi za maluwa ake kufikira helikopita itatera m'dambo. Raelene sanamuyang'ane mchimwene wake, ndipo sananene kuti ndinakuuzani.

Coral sanafe. Mafupa a m'chiuno anathyoka patatu, mwendo wa kumanzere sunabwererenso mwakale. Atagona m'chipatala miyezi inayi, madokotala anati nthaka ya pafamu si yakenso, ndipo mwana wawo wamkazi anamutengera kwake kumzinda wa Hobart, kunyumba yopanda masitepe. Coral sanamudzudzule mwamuna wake ngakhale kamodzi. Akapita kukamuona, mayiyo ankangofunsa ngati nkhosa zayamba kuswa ndiponso ngati akudya. Kusadzudzula kumeneko ndi kumene kunkamudya Graeme ngati njenjete. Anzake a komwera mowa anatumiza khadi losainidwa ndi anthu asanu ndi atatu. Murray anati ngozi siona nkhope, palibe akadadziwa. Palibe mmodzi wa iwo anabwera kudzakhala mpando wa kumanzere ngakhale tsiku limodzi.

Patatha sabata chichitikire ngoziyo, Raelene anabwera osaitanidwa. Anapeza galimoto ili pabwalo, anachotsa chikuto cha chitseko, anasolola mawaya m'kamphira kaja, anadula pothyoka, analumikiza waya watsopano n'kuwotcherera. Ola silinakwane. Atadina batani, anaika chikhatho pagalasi, n'kudikira mpaka litafunda. Graeme anali ataima pakhonde, ndevu zosameta. Mlongo wakeyo anamuyandikira, anamutambasula dzanja, n'kuikamo kachidutswa ka waya kosaposa mtengo wa machesi.

Graeme anakayang'ana kachidutswako.

"Ukadandiumiriza, Raelene."

"Ndinakuumirizani mpaka munandithamangitsa, achimwene. Amene sanakuumirizeni mumamwa nawo."

Ananyamula kamita kake. Atafika pagalimoto yake anatembenuka n'kunena kuti nkhosa zikayamba kuswa amuuze, adzabwera, poti munthu mmodzi sangathe; koma akatero ndi chifukwa cha Coral.

Nyengo yozizira yabweranso kawiri chichitikire zimenezi. M'mawa uliwonse Graeme amadina batani, ndipo pasanathe mphindi zitatu magalasi onse awiri amayera mbee. Akafika pa geti amaima, kutsika, kutsegula, kukwera, kudutsa, kutsikanso, kutseka, kukweranso. Mageti khumi ndi anayi. Mawondo ake ayamba kumuuza zimene mkazi wake sanamuuze kwa zaka makumi atatu. Pa geti la khola, akamalowetsa ngolo chambuyo, galasi la kumanzere limamuonetsa zonse mosabisa: geti lomangiriridwa ndi chingwe kuti lisabwerere, udzu woyera ndi chisanu, ndi nsanamira yopanda munthu kuseri kwake.

Kachidutswa ka waya kaja amakasunga m'kabokosi ka pakati pa mipando. Komwera mowa analeka kupita. Anazindikira, koma atalipira ndi miyendo ya munthu wina, kuti oseka nawe ndi ambiri ndipo sataya kanthu. Wakutsina khutu ndiye mnansi.